NKHAFI NDI MATANGA PA SUKULU YA CONWAY

Ife a dziko la Zambia tikhala kutali ndi nyanja yamcere. Munthu angathe kubadwira ku Katete, kukulira komweko ndi kukalamba osaona ndi maso ace combo cacikulu. Koma mkuwa umene ukumbidwa ku migodi yathu sutsiriza ulendo wace pa njanje kapena pa mseu ai. Ukafika ku dooko la Dar es Salaam, la Beira kapena la Durban aulonga m'zombo, ndipo amalinyero amene sitiwadziwa ndi maina omwe aunyamula kunka nao kutsidya kwa nyanja. Anthu oterewa nchito yao aiphunzira m'masukulu a pa okha. Nkhani ino ifotokoza mbiri ya imodzi ya masukulu amenewo, sukulu ya ku Mangalande dzina lace Conway, makamaka za magulu ace a anyamata opalasa ndi oyendetsa mabwato a matanga. Owerenga adzaona kuti mipikisano ya anyamatawa inabadwira m'nchito ya masiku onse, ndi kuti luso limene iwo anatengamo linali lopulumutsa moyo pa tsiku la tsoka.

Sukulu yoyandama

Kale ku Mangalande mnyamata wofuna nchito ya pa nyanja anali kungokwera combo akali wamng'ono, naphunzira mwa kupenyerera ndi mwa kukalipiridwa. Ena anasanduka akatswiri ndithu, koma ena anafika pa ukapitao osadziwa bwino kuwerengera njira ya combo, ndipo zombo zambiri zinasweka pa miyala pamodzi ndi anthu ndi katundu. Cifukwa ca ici, m'caka ca 1850 Boma linaika lamulo lakuti akapitao ndi owathandiza ao a zombo zopita ku maiko akutali azilemba mayeso ndi kulandira cikalata.

Akapitao ndi eni zombo a mu mzinda wa Liverpool anaona kuti pafunika sukulu. Bungwe lao, lochedwa Mercantile Marine Service Association, linapempha akulu a zombo zankhondo kuti awabwereke combo cakale. Anapatsidwa combo camatabwa dzina lace Conway, ndipo m'caka ca 1859 anaciimika ndi anangula pa mtsinje wa Mersey, pafupi ndi Rock Ferry, tsidya lina la Liverpool. Anyamata ataculuka, combo cija cinacepa. M'caka ca 1861 analandira cina cokulirapo, ndipo m'caka ca 1876 analandira cacitatu, cimene poyamba cinali kuchedwa Nile. Ici cinalowa m'madzi m'caka ca 1839, ndipo pa masiku ace a nkhondo cinali kunyamula mizinga pafupifupi 90. Combo ciri conse pofika cinataya dzina lace ndi kutenga dzina la Conway, monga acitira munthu wolowa ufumu.

Sukulu yonse inali m'kati mwa combo. Momwemo anyamata anali kudya, kuphunzira ndi kupemphera, ndipo usiku anali kugona m'macila a nsaru opacika ku mitanda. Ambiri anakhalamo zaka ziwiri. Anaphunzira masamu, kupeza njira poyang'ana dzuwa ndi nyenyezi, kumanga mfundo za zingwe ndi kukwera milongoti. Amene anatsiriza bwino, zaka zace ziwirizo zinawerengedwa ngati caka cimodzi ca pa nyanja pamene anadza kudzalemba mayeso a Boma. Anyamata onse anagawidwa m'magulu, ndipo gulu liri lonse linachedwa dzina la mbali ya combo imene linali kuisamala, monga kumutu kwa combo, mlongoti wakutsogolo, wapakati ndi wakumbuyo.

Bwato ndilo linali njira

Sukulu imene yazingidwa ndi madzi iribe mseu. Cakudya, malasha, makalata, aphunzitsi ogona kumtunda, alendo, ngakhale anyamata opita kukasewera mpira, zonse zinali kuyenda pa bwato. Pa zaka zoyamba panalibe mabwato a injini. Tsono anyamata eni ace ndiwo anali kupalasa, m'mawa ndi madzulo, m'mvula ndi m'cisanu comwe.

Kuti timvetse kulemera kwa nchito imeneyi tiyenera kudziwa khalidwe limodzi la nyanja yamcere limene nyanja zathu za Bangweulu ndi Mweru ziribe. Kawiri pa tsiku madzi ace adzala, kawirinso aphwa, cifukwa ca mphamvu ya mwezi ndi dzuwa imene iwakoka. Pa Liverpool, masiku a mwezi watsopano ndi a mwezi wathunthu, madzi akwera ndi kutsika mapazi pafupifupi 30. Madzi onsewo alowa mu mtsinje ndi liwiro, ndipo patapita maora 6 atulukanso ndi liwiro lomwelo. Motero Mersey nthawi zina uyenda kunka kunyanja, nthawi zina ubwerera kunka kumtunda. Mnyamata amene analunjikitsa bwato lace pa dooko osaganizira za mayendedwe a madzi anazindikira ali kutali kunsi, anzace atatopa kale, ndipo dooko liri kumbuyo. Pa mtsinje womwewo panali kudutsa zombo zazikulu za nthunzi, ndipo masiku ena cifunga cinali kutseka maso.

Kapalasidwe kao nako kasiyana ndi ka kwathu. Wopalasa bwato pa Luangwa kapena pa Kafue ayang'ana kumene apita, ndipo nkhafi yace iri m'manja mokha. Wopalasa bwato la amalinyero akhala pa thabwa mofulatira kumene apita. Nkhafi yace njaitali kuposa msinkhu wa anthu awiri, yatsamira pa kamphanda ka m'mphepete mwa bwato, ndipo aikoka ndi msana wonse mapazi ataponda pa mtanda. Saona kutsogolo, aona msana wa mnzace cabe. Amene akhala pafupi ndi kumcira kwa bwato ndiye apereka muyeso, ndipo ena onse atsata nkhafi yace. Munthu mmodzi yekha ayang'ana kutsogolo, ndiye wogwira tsigiro, thabwa lija loongolera bwato.

Mabwato ao anali a mitundu iwiri makamaka. Lalikulu ndi lolemera, limene Angelezi alicha cutter, linali la nkhafi 10 kapena 12, anyamata awiri pa thabwa limodzi, ndipo ndilo linali kunyamula anthu ambiri ndi katundu. Lina, lochedwa gig, linali lowonda ndi lopepuka, la nkhafi 6, mnyamata mmodzi pa thabwa. M'mabwato onse awiri lamulo linali limodzi: nkhafi zonse zilowe m'madzi pamodzi ndi kutulukamo pamodzi. Wamphamvu amene akoka asanakoke anzace apotoza bwato. Waulesi amene angonyowetsa nkhafi sabisika, pakuti bwato likhotera ku mbali yace. Ndipo amene amiza nkhafi yace moipa, mpini umgunda pamimba ndi kumgwetsa cagada, bwato lonse nkuima.

Wogwira tsigiro kawirikawiri anali mnyamata mnzao wa m'caka caciwiri. Iye anayenera kuwerenga madzi ndi mphepo, kulewa zombo zazikulu, ndi kufikitsa bwato pa makwerero a combo osaligunditsa, aphunzitsi ndi anzace ali kupenya pamwamba. Uwu ndiwo unali ukapitao wace woyamba. Akulu a sukulu anadziwa kuti kuongola mtengo mpoyamba: amene aphunzira kulamulira anthu 12 m'bwato akali mwana sadzanjenjemera pamene apatsidwa combo.

Mpikisano ubadwa

Pamene mabwato awiri a anyamata acoka pa dooko nthawi imodzi kunka ku malo amodzi, safuna munthu wowauza kuti apikisane. Umu ndimo inayambira mipikisano ya pa Conway. Magulu aja a mbali za combo anayamba kuyesana mphamvu, ndipo akulu a sukulu poona kuti mpikisano ukometsa kapalasidwe kuposa cilango, anauloleza ndi kuuikira masiku ace.

Koma mdani weniweni anali kutali, pa mtsinje wa Thames. M'caka ca 1862 anthu a ku London, motsogozedwa ndi William Bullivant wamalonda ndi Richard Green mwini zombo, anatsegula sukulu yao yoyandama m'combo cochedwa Worcester. Kuyambira 1871 comboco cinakhala pa Greenhithe, kunsi kwa London. Masukulu awiriwa anali ofanana pa zonse: anyamata a msinkhu umodzi, maphunziro amodzi, ndipo potuluka anali kukafuna nchito ku makampani omwewo. Cotero funso lakuti opambana ndani silikanatha kugona. Cakumapeto kwa zaka za m'ma 1800 anayamba mpikisano wa mabwato pakati pa Conway ndi Worcester, nthawi zina pa Mersey, nthawi zina pa Thames.

Mpikisano umenewu unasiyana ndi uja wochuka wa Oxford ndi Cambridge, umene unayamba m'caka ca 1829. Ophunzira a m'mayunivesite amenewo pofika masiku awa anali kupalasa timabwato topyapyala ta mipando yotsetsereka, topangidwira liwiro lokha, timene sitingalimbe pa mafunde a nyanja. Anyamata a masukulu a amalinyero anapikisana m'mabwato a nchito, a matabwa osasuntha ndi nkhafi zolemera, pa madzi osakanizika ndi mcere amene ayenda ndi kudzala ndi kuphwa kwa nyanja. Pa madzi otere mphamvu yokha siikwanira. Wogwira tsigiro amene adziwa pamene pali liwiro la madzi ndi pamene madzi adikha apatsa anzace mwai umene mikono siingagule, ndipo cifukwa ca ici eni mtsinje anali ndi poyambira pabwino kuposa alendo.

Pa sukulu ya anyamata mazana awiri kapena kuposa, malo m'bwato la mpikisano anali 7 okha. Amene anasankhidwa analemekezedwa kwambiri, koma ulemu umenewo sunabwere cifukwa ca cuma ca atate ao kapena kukhoza kwao m'kalasi. Unabwera ndi matuza a m'manja amene anzao onse anawaona. M'zaka za m'ma 1860 Mfumukazi Victoria anayamba kupereka mendulo ya golidi caka ndi caka kwa mnyamata woonetsa makhalidwe a mmalinyero wabwino, ndipo wolandira anali kusankhidwa ndi anyamata anzace. Iwo sanasowe pomuonera munthu, pakuti anali atakhala naye pa thabwa limodzi m'cisanu.

M'masukulu awiriwa munatuluka anthu omveka. Matthew Webb, amene analowa pa Conway m'caka ca 1860, ndiye munthu woyamba kusambira kuoloka nyanja ya pakati pa Mangalande ndi France popanda comthandiza kuyandama. Anacita ici mu August 1875, nakhala m'madzi maora pafupifupi 22. John Masefield, amene analowa m'caka ca 1891, anasanduka mlakatuli wamkulu wa dziko lace. Pa Worcester panaphunzira Togo Heihachiro wa ku Japan, amene m'caka ca 1905 anatsogolera zombo za kwao pogonjetsa zombo za Russia pa Tsushima.

Matanga m'masiku a nthunzi

Pamene Conway inali kutsegulidwa, katundu wambiri wa pa dziko anali kuyenda ndi mphepo. Koma m'caka ca 1869 ngalande ya Suez inatsegulidwa, ndipo inafupikitsa njira ya kum'mawa kwa zombo za nthunzi. Zombo za matanga zinapitiriza kuzungulira kumwera kwa Afrika. Pang'ono ndi pang'ono malasha anapambana mphepo. Tsono anthu ena anafunsa kuti, Nanga mnyamata amene adzayendetsa combo ca injini aphunziriranji matanga?

Masukulu sanaleke. Mabwato omwe aja a nkhafi anali kuwaimikira milongoti ndi kuwakwezera matanga, ndipo panali timabwato tina ta matanga okha. Yankho lao linali m'mene bwato la thanga liyendera. Palibe bwato limene lingalunjike kumene kucokera mphepo. Wofuna kupita kumeneko ayenda mokhotakhota, kupendekera ku dzanja lamanja, kutembenuka, kupendekera ku lamanzere, kufikira atafika. Mphepo ikakula apinda gawo la thanga kuti licepe, ndipo ayenera kucita ici mphepoyo isanafike, poona mtambo ndi khungu la madzi. Akacedwa, bwato ligubuduzika ndipo onse agwera m'madzi. M'combo cacikulu colakwa ca munthu cibisika nthawi yaitali. M'bwato laling'ono cilango cifika nthawi yomweyo. Mnyamata amene ananyowa katatu kapena kanai anasanduka munthu womva mphepo pa tsaya lace asanaione pa cipangizo ciri conse.

Mipikisano ya matanga inakulitsa luso lomweli, pakuti mabwato ofanana pa mphepo imodzi asiyana kokha ndi nzeru za owayendetsa. Sukulu ya Worcester inalandiranso mphatso yaikulu m'caka ca 1938. Combo cochuka ca matanga, Cutty Sark, cimene cinapangidwa caka comwe cija ca 1869 kuti cizinyamula tiyi kucokera ku China, cinaperekedwa ku sukuluyo ndi mkazi wamasiye wa Kapitao Wilfred Dowman. Cinaima pambali pa Worcester, anyamata naphunzirapo zingwe ndi milongoti, kufikira pamene anacicotsa ndi kukaciika pouma ku Greenwich m'caka ca 1954.

Tsiku la tsoka

Phindu la nkhafi ndi thanga linaoneka poyera pamene zombo zazikulu zinamira. Usiku wa pa 14 April 1912 combo ca Titanic cinagunda phiri la madzi oundana, ndipo cinamira kusanace. Munali anthu oposa 2,200, koma mabwato opulumukira anali 20 okha, ndipo anthu pafupifupi 1,500 anafa. M'mabwato ena munasowa amuna odziwa kupalasa, kotero kuti akazi apaulendo anagwira nkhafi. Mmodzi wa akulu a combo, James Moody, wa zaka 24, anali ataphunzira pa Conway. Iye anatsala pa combo kukweza anthu m'mabwato, namira naco. Mnzace Harold Lowe, amene anazolowera timabwato kuyambira ubwana wace ku Barmouth, anasonkhanitsa mabwato angapo, nasamutsa anthu a m'bwato lace, nabwerera kukatola amene anali m'madzi, ndipo kutaca anakweza thanga. Kapitao Arthur Rostron, amene anathamangitsa combo cace ca Carpathia usiku pakati pa madzi oundana ndi kupulumutsa anthu oposa 700, nayenso anali mwana wa Conway. Pambuyo pa ngozi iyi maiko anapangana, m'caka ca 1914, malamulo a cipulumutso ca pa nyanja.

Mu June 1923 combo ca katundu dzina lace Trevessa cinamira pakati pa nyanja ya India cikucokera ku Australia. Amuna 44 analowa m'mabwato awiri. Anakweza matanga, natsata mphepo kunka kumadzulo, nalondola njira ndi dzuwa ndi nyenyezi. Madzi akumwa anali kuwayesa ndi kacitini ka fodya. Patapita masabata oposa atatu ndi mailosi oposa 1,500, bwato la Kapitao Cecil Foster linafika pa cilumba ca Rodrigues, ndipo linzace linafika ku Mauritius. Ena anafera pa njira, koma ambiri anapulumuka. Pa ulendo wonsewo injini inalibe gawo.

Pa nkhondo yaciwiri ya dziko lonse, kuyambira 1939 kufikira 1945, amalinyero a zombo zamalonda za Britain pafupifupi 30,000 anataya miyoyo yao. Lawrence Holt, mmodzi wa eni kampani ya Blue Funnel ya ku Liverpool ndiponso bwenzi lalikulu la Conway, anaona cinthu comvetsa cisoni: m'mabwato opulumukira anyamata amphamvu okulira m'zombo za injini anali kufa msanga kuposa acikulire amene anakulira m'matanga. Pamodzi ndi mphunzitsi Kurt Hahn anatsegula sukulu ya masabata owerengeka ku Aberdovey, m'dziko la Wales, m'caka ca 1941, yophunzitsa acinyamata kupirira m'mabwato ang'ono ndi m'mapiri. Anaicha Outward Bound, ndipo anyamata a Conway anali pakati pa ophunzira ace oyamba. Masukulu a dzina limeneli anafalikira m'maiko ambiri, ndipo imodzi inakhazikitsidwa m'dziko lathu lino, ku Mbala. Motero nzeru imene inakulira pa Mersey inafika ndi kwathu komwe.

Madzi a Menai

Nkhondo yomweyo inasamutsa Conway. Mu May 1941 ndege za Germany zinaponya mabomba pa Liverpool masiku otsatana, ndipo akulu a sukulu anaopa kuti combo camatabwa codzala ndi ana cidzapsa. Anacikokera ku mpata wa Menai, umene ulekanitsa cilumba ca Anglesey ndi dziko la Wales, naciimika pafupi ndi Bangor. M'caka ca 1949 anacisunthanso kunka pafupi ndi nyumba yaikulu ya Plas Newydd, kumene sukulu inapeza malo a kumtunda.

Kwa opalasa ndi oyendetsa matanga, Menai anali mphunzitsi waukali kuposa Mersey. Nyanja ilowa mu mpatawu ku mbali zonse ziwiri pa nthawi zosiyana, ndipo mayendedwe a madzi ace asokoneza mlendo. Pakati pa milatho iwiri, wina womangidwa ndi Thomas Telford m'caka ca 1826 ndi wina womangidwa ndi Robert Stephenson m'caka ca 1850, pali malo ochedwa Swellies, odzala ndi miyala, pamene madzi athamanga ndi kuzungulira. Combo cacikulu cingadutsepo pa kanthawi kocepa kokha, pamene madzi adzala ndi kudikha asanatembenuke. Pa ulendo wa 1949 Conway inadutsapo bwino.

Pa 14 April 1953 anayesa kucidutsitsanso, kuti cipite ku Birkenhead kukakonzedwa. Zombo ziwiri zokoka zinacigwira, cina kutsogolo cina kumbuyo. Cinapyola mlatho woyamba, koma cisanafike pa waciwiri madzi anatembenuka ndi mphamvu imene zombo zokokazo sizinathe kulimbana nayo. Conway inatengedwa, nikakwera pa miyala ya m'mphepete. Pamene madzi anaphwa, kumutu kunatsala pamwamba ndipo kumcira kunalendewera, msana wa combo nuthyoka. Anyamata ambiri anali ku chuthi, ndipo palibe munthu anafa. Koma combo cimene cinapirira zaka 114 cinatha m'mawa umodzi, ndipo cotsala cace cinapsa ndi moto m'caka ca 1956. Madzi akatayika saoleka. Phunziro limene mnyamata ali yense wogwira tsigiro analiphunzira m'caka cace coyamba, lakuti nyanja iri ndi nthawi yace ndipo siidikira munthu, linagwera sukulu yeniyeniyo pamaso pa anthu onse.

Mapeto ace

Sukulu siinafe tsiku limenelo. Anyamata anakhala m'mahema, pambuyo pace m'nyumba zamatabwa pa Plas Newydd, ndipo mabwato ao anapitiriza kuyenda pa Menai. Tsopano bwato silinalinso njira yopitira kukatenga buledi, koma kupalasa ndi matanga zinakhalabe pakati pa maphunziro.

M'zaka zomwezo anthu ena anaona kuti zombo zazikulu za matanga ziri pafupi kutha, ndipo m'caka ca 1956 anakonza mpikisano wa zombo zophunzitsira acinyamata kucokera ku Torbay kufikira ku Lisbon. Cinapambana combo cochedwa Moyana, coyendetsedwa ndi anyamata a sukulu ya amalinyero ya ku Southampton. Pobwerera kwao cinakumana ndi namondwe nicimira, koma onse anapulumutsidwa ndi combo camalonda ca Clan Maclean. Mpikisano umene anauyesa wotsazikira unakhala woyamba wa mipikisano yambiri.

Sukulu yacitatu, Nautical College ya ku Pangbourne, imene Sir Thomas Devitt anaitsegula m'caka ca 1917, inamangidwa pa mtunda pafupi ndi Thames, kutali ndi madzi a mcere. Kumeneko kupalasa kunatsata njira ya masewera, ndipo anyamata ace anatenga cikho ca masukulu ca Princess Elizabeth pa mpikisano wa ku Henley m'zaka za 1963, 1971, 1992 ndi 2003. Koma masukulu awiri akale aja sanapirire. Maphunziro a amalinyero anasinthika, ndalama zinasowa, ndipo makampani anayamba kufuna anyamata ocepa. Worcester inatsekedwa m'caka ca 1968, ndipo Conway m'caka ca 1974, itaphunzitsa anyamata oposa 11,000. Nyumba zace za pa Plas Newydd anazisandutsa malo ophunzitsira ana a sukulu zocita za panja, ndipo nangula wace mmodzi anamuika pa dooko lakale la Liverpool kuti anthu azimuona. Kuyambira m'zaka za m'ma 1980 zombo zatsopano za katundu zinayamba kunyamula mabwato opulumukira otsekeka ndi a injini, ndipo nkhafi inataya nchito yace yakale.

Inu amene mwatsiriza sukulu, ambiri a inu simudzagwira nkhafi ya mmalinyero. Koma mbiri iyi iri ndi mau kwa inunso. Eni zombo a ku Liverpool anafuna akapitao, ndipo anayamba ndi kukhazika ana pa thabwa lolimba, mofulatira kumene apita, kuti aphunzire kukoka pamodzi ndi anzao ndi kukhulupirira amene agwira tsigiro. Amene anakhoza pamenepo anapatsidwa tsigiro. Amene anakhoza pa tsigiro la bwato anapatsidwa combo. Munthu wotuluka m'sukulu ndi cikalata m'manja nthawi zambiri apeza kuti nchito yace yoyamba njaing'ono, yobwerezabwereza ndi yosaoneka, ndipo mtima umuuza kuti maphunziro ace anayenera zoposa izi. Akumbuke Rostron. Usiku umene uthenga wa Titanic unamdzutsa, panalibe nthawi yophunzira ciri conse catsopano. Anagwiritsa nchito cimene anali naco kale, ndipo ciyambi ca zonsezo cinali pa mtsinje wa Mersey, akali mnyamata.